Yesani "Choncho" Wanu Musanagulitse Mbuzi

Pali mau amodzi aafupi amene amatuluka m'kamwa mwathu tsiku ndi tsiku, osatha ndi mpweya womwe powatchula, koma atha chuma cha anthu ambiri m'midzi muno kuposa anyani ndi nguluwe. Mauwo ndi akuti "choncho". Mvula yagwa, choncho ndikabzale. Fodya wagulidwa bwino chaka chino, choncho ndikuze munda. Chimanga chachita chikasu, choncho ndikagule feteleza.

Mukamvetsetsa bwino, m'kunena kulikonse kotere muli mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi chimene munthu waona ndi maso ake, ndipo kawirikawiri imakhala yoona ndithu. Mbali yachiwiri ndi chimene afuna kuchita. Tsono "choncho" ali ngati ulalo wa mitengo umene tauika pa mtsinje kuti tichoke tsidya lino kupita tsidya ilo. Munthu akagwa m'madzi powoloka, sitinena kuti gombe linali loipa ayi. Timapita kukaona ulalowo, ndipo timapeza kuti mtengo umodzi unali wofumbwa m'kati ngakhale kunja unkaoneka wabwino. Ulalo wa mitengo aliyense amayamba waugogoda ndi phazi asanaupondepo ndi katundu kumutu. Koma ulalo wa m'maganizo ambiri a ife timangouthamangira.

Chimanga chachikasu m'mwezi wa Januwale

Tiyeni tiyerekeze ndi banja limodzi, longa mabanja ambiri amene alangizi amakumana nao dzinja lililonse. Bambo wabwera kuchokera kumunda nkhope ili yakugwa, nauza mkazi wake kuti, "Mayi, chimanga chija chafiira, masamba onse ndi achikasu. Mawa ndi tsiku la msika. Ndikagulitsa mbuzi yaikazi ija kuti tigule thumba la Urea." Mbuziyo ndi imodzi yokha yaikazi m'khola, ndipo ili ndi bere. Mayiyo sanatsutse, koma anangofunsa mwaulemu kuti, "Abambo, kodi chimanga chilichonse chachikasu chimakhala chikulira feteleza?"

Bamboyo sananame. Chimanga chinalidi chachikasu. N'zoonanso kuti chimanga chosowa chakudya cha m'nthaka chotchedwa nayitrojeni chimachita chikasu, ndi kuti Urea ali ndi chakudya chimenechi chochuluka, magawo 46 pa 100 alionse, ndiye kuti makilogalamu 23 m'thumba la makilogalamu 50. Pamene phazi lake linaterereka ndi apa: kunena kuti "njala ya nayitrojeni imabweretsa chikasu" n'kosiyana ndi kunena kuti "chikasu chonse ndi njala ya nayitrojeni". Malungo amatenthetsa thupi, inde, koma si kutentha thupi konse kumene kuli malungo, ndicho chifukwa chake ku chipatala amayamba ayeza magazi asanapereke mankhwala. Chimanga nachonso chili ndi zifukwa zingapo zochitira chikasu, ndipo zambiri mwa izo zimalemba dzina lake pa tsamba kapena pa muzu, kuti wodekha awerenge. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Yambani mwaona kuti masamba achikasuwo ndi ati. Chimanga chikasowa nayitrojeni chimalanda chakudya ku masamba akale n'kupatsa masamba atsopano. Motero chikasu chimayambira ku masamba a m'munsi, ndipo pa tsamba lililonse chimayambira ku nsonga n'kumatsika motsata msana wa tsambalo, m'mbali muli mobiriwirabe, mooneka ngati chilembo cha V. Mukaona zimenezi, ndiye kuti Urea kapena CAN ndi mankhwala ake enieni.

Koma ngati masamba a m'munsi ali obiriwira, ndipo otumbuluka ndi a kumtunda amene angotuluka kumene, ganizani za chakudya china chotchedwa salufa, chimene chimasowa m'nthaka ya madera ambiri a dziko lino. Mu Urea mulibe salufa ngakhale pang'ono. Feteleza wakale uja wa Sulphate of Ammonia, amene makolo athu ankathira, anali naye, ndipo chilembo cha S pa thumba la feteleza wokulitsa wa 23:21:0+4S chimaimira chakudya chomwechi. Munthu wothira Urea pa chimanga chosowa salufa ali ngati wopatsa mchere munthu amene akulira madzi.

Kenaka yang'anani pansi. Ngati mvula yakhala ikugwa masiku ambiri ndipo madzi adikha pakati pa mizere, makamaka m'munda wa m'mphepete mwa dambo, mizu imakanika kupuma, ndipo chimanga chimachita chikasu ngakhale chakudya chitakhalapo. Feteleza wothira m'thope lotere ambiri amangotayika. Apa chofunika choyamba ndi khasu, kutsegula ngalande kuti madzi apite. Nthaka ikauma bwino mukhoza kuganiza za feteleza, pakuti mvula yambiri imatsitsa nayitrojeni kupita pansi pamene mizu sifika. Taonani kuti feteleza sitinamukane, koma tamuika pambuyo pa khasu. Zinthu ziwiri zomwezo, mukazisinthanitsa malo, ndalama yanu yapita ndi madzi.

Ndiye pali kaufiti, mdani wa minda yoguga. Chimanga chogwidwa ndi kaufiti chimapinimbira, chimachita chikasu, ndipo chimafota ngati kuli chilala pamene nthaka ili yonyowa. Choipa chake n'chakuti kaufiti amayamba kuyamwa muzu wa chimanga iye akali pansi osaoneka. Pofika nthawi yoti timaluwa take tofiira tioneke, amakhala atadya kale. Fukulani phesi limodzi lopinimbira mosamala, muone ngati pa mizu pamamatira timphukira toyera. Feteleza amachithandiza pang'ono chimanga chotere, sitikana, koma gawo la chakudyacho mukudyetsa mlendo wosaitanidwa. Njira yake yeniyeni ndi yaitali: kuzula kaufiti asanabereke njere, kuthira manyowa, ndi kubzala soya, mtedza kapena thonje m'mundamo chaka chotsatira, chifukwa mizu ya mbeu zimenezi imanyenga njere za kaufiti kuti zimere, koma zikamera sizipeza poyamwa ndipo zimafa. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, ndipo zimakhala ndi moyo m'nthaka zaka zoposa khumi, choncho chaka chimodzi sichikwanira.

Palinso matenda amene amalemba timizere toyera ndi tachikasu todukaduka m'litali mwa tsamba lonse. Amafala ndi tizilombo ting'onoting'ono todumpha, ndipo amakonda chimanga chobzalidwa mochedwa ndi cha pafupi ndi madimba. Phesi logwidwa ndi matendawa silichira ndi feteleza wa mtundu uliwonse. Chimene mlimi angachite ndi kukumbukira chaka chamawa kubzala msanga, ndi kufunsa mbeu yopirira matendawa.

Tsono tinene kuti bamboyo wayendera munda wonse, napeza kuti chikasu chakecho ndi cha V weniweni pa masamba a m'munsi. Kodi ulalo wake walimba tsopano? Mtengo umodzi walimba, koma ulalo suli wa mtengo umodzi. Kunena kuti "chimanga chikusowa nayitrojeni" sikunafike pa "ndigulitse mbuzi". Pakati pake pali mitengo ina itatu imene iye sanaitchule, ndipo mitengo yosatchulidwa ndiyo imathyoka kawirikawiri.

Woyamba ndi nthawi. Feteleza wobereketsa amagwira bwino ntchito akathiridwa patapita masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera, chisanapitirire m'mawondo. Chikamasula n'kutulutsa ndevu, kukula kwa chisononkho kumakhala kutakhazikika kale, ndipo thumba lothira nthawi imeneyo silibweza ndalama yake. Chimanga chikayandikira kukhwima, masamba a m'munsi amauma okha mwachibadwa. Chimenecho si chizindikiro cha njala ayi. Wachiwiri ndi chinyontho. Urea womwazidwa pamwamba pa nthaka youma, dzuwa likuswa mtengo, amasanduka mpweya n'kuuluka. Afunika kuikidwa m'kadzenje pambali pa phesi ndi kukwiriridwa, nthaka ili yonyowa. Wachitatu ndi kuwerengera. Ngati thumba la feteleza likufanana mtengo ndi matumba atatu a chimanga, ndiye kuti liyenera kuonjezera zokolola ndi matumba oposa atatu kuti musaluze. Ndipo powerengera musatenge mtengo wa chimanga wa Januwale, pamene chili chosowa ndi chodula. Tengani wa Meyi ndi Juni, pakuti ndi pamene chanucho chidzakhale m'manja. Mbali inayo ya sikelo ikani mbuzi pamodzi ndi mwana amene ali m'mimba, ndi manyowa a m'khola mwake.

Banja lathu lija linapita kumunda limodzi m'mawa mwake. Anapeza kuti chigawo cha kumunsi chinali m'madzi, ndipo bamboyo anatsegula ngalande tsiku lomwelo. Chigawo cha kumtunda, chosakwana theka la mundawo, chinali ndi V uja, chimanga chili cha m'mawondo. Anagulitsa atambala awiri ndi mtedza umene unatsala pobzala, nagula feteleza woyeza pa sikelo wokwanira chigawo chimenecho chokha. Mbuzi inatsala m'khola. Mwina munda wina ukadafunadi thumba lathunthu, ndipo kugulitsa mbuzi kukadakhala nzeru. Sitikunena kuti mbuzi isagulitsidwe konse. Tikunena kuti dzulo lake bamboyo anali asanadziwe, koma chingwe anali atachikonza kale.

Mtengo wa fodya wa chaka chatha

Tsopano tilankhule ndi inu olima fodya, chifukwa "choncho" wanu ngwokwera mtengo kwambiri. Chaka chimene fodya wagulidwa bwino ku okushoni ku Kanengo, ku Limbe, ku Chinkhoma kapena ku Mzuzu, mudzi wonse umaona malata atsopano ndi njinga zatsopano, ndipo munthu aliyense amanena mumtima mwake kuti, "Fodya ali ndi ndalama, choncho chaka chamawa ndilima maekala awiri m'malo mwa imodzi."

Mtengo wobisika m'ulalo umenewu ndi wakuti, "anzanga onse sadzachita zimene ndikuchita inezi." Koma malata amene inu mwaona, anthu a ku Kasungu, ku Mchinji, ku Dowa ndi ku Rumphi awaonanso, ndipo aganiza chimodzimodzi usiku womwewo. Ogula fodya amabwera ndi muyeso wa zimene akufuna kutsidya kwa nyanja. Fodya akapitirira muyesowo, safunikanso kulimbirana, ndipo amayamba kubweza mabelo ndi kutsitsa mtengo.

Izi zinaoneka poyera zaka ziwiri zotsatana. M'chaka cha 2011 dziko lino linagulitsa fodya wokwana makilogalamu pafupifupi 237 miliyoni, ndipo mtengo wa pakatikati unangopitirira pang'ono dola imodzi pa kilogalamu. Mabelo ambiri anabwezedwa, ndipo alimi ambiri sanathe kubweza ngongole kapena kulipira matenanti. Apo anthu anamanga "choncho" wina: fodya alibe phindu, choncho ndasiya. Anasiyadi ambiri, kotero kuti m'chaka cha 2012 fodya yense wa m'dziko muno anangokwana makilogalamu pafupifupi 80 miliyoni. Ogula anamulimbirana, ndipo mtengo wa pakatikati unapitirira madola awiri. Amene anathamangira kulima anagwa mu 2011, ndipo amene anathamangira kusiya anaphonya mu 2012. Onsewo anaona zoona ndi maso ao. Cholakwika chinali kutenga mtengo wa dzulo ngati lonjezo la mtengo wa mawa, pamene mtengo wa dzulowo ndi umene umasintha khalidwe la alimi onse n'kuononga mtengo wa mawa.

Ngakhale mtengo ukadakhala wosasintha, pali mtengo wina wofumbwa m'ulalo womwewu. Munda ukakula kawiri, kodi chigafa chakula kawiri? Kodi manja a pakhomo achuluka kawiri? Fodya wa Burley akathithikana m'chigafa chaching'ono nthawi ya mvula amachita nkhungu n'kuola, ndipo wa chikopa amafuna nkhuni zoonjezera zimene mwina kulibe. Kudula nsonga, kuchotsa mphukira, kuthyola ndi kusoka zimadza nthawi imodzimodzi ndi kupalira ndi kubandira chimanga. Kawirikawiri chimene chimasiyidwa ndi chimanga, ndipo ndalama ya fodya woonjezerayo imathera kugula chakudya m'mwezi wa Febuluwale. Fodya amagulidwa potsata giredi, ndipo ekala imodzi yosamalidwa bwino ikhoza kuposa maekala awiri a masamba ong'ambika ndi akuda. Onjezerani apo kuti muyeso wa makilogalamu umalembedwa pa chiphaso chanu ku Tobacco Commission kapena pa mgwirizano wanu ndi kampani yogula. Kodi woonjezerayo mwamulembetsa?

Ndipo musaiwale "choncho" wamng'ono uja wa pa munda: fodya anachita bwino pano chaka chatha, choncho ndibzalenso pomwepa. Kuchita bwino kwa fodyayo ndiko kunadyetsa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ngati mikanda, ndipo tikudikira m'nthakamo. N'chifukwa chake lamulo la kasinthasintha limati fodya abwerere pa malo amodzi kamodzi pa zaka zinayi, ndipo nazale nayo izisuntha.

Pamene Boma lomwe linagwa pa ulalo

Mlimi asaganize kuti kulakwa kotere n'kwa anthu osapita kusukulu okha. Anthu ophunzira kwambiri, okhala m'maofesi a ku Zomba, anagwa pa ulalo womwewu, ndipo agogo athu ndiwo ananyowa.

M'chaka cha 1949 kunagwa njala yaikulu m'dziko la Nyasaland, makamaka m'chigawo cha kummwera, ku madera monga Lunzu m'boma la Blantyre. Mvula inayamba kumapeto a 1948, koma inadula pakati pa dzinja, ndipo chimanga chinauma chisanabereke. Akuluakulu a zaulimi anali atayamba kale kudandaula kuti anthu achuluka, nthaka ikukokoloka, ndipo chimanga ndi fodya zikugugitsa minda. Njala itafika anati, "Si izi tinkanena zija?" Koma chilala chimaumitsa chimanga cha pa nthaka yabwino ndi cha pa nthaka yoguga chomwe. Patapita zaka zambiri, mu 1987, katswiri wa mbiri yakale Megan Vaughan anatulutsa buku lonena za njala imeneyi atacheza ndi amayi amene anaiona. Iye anaonetsa zina zimene a m'maofesi sanazione. Malonda a chimanga anali ataikidwa m'manja mwa bungwe la Boma lotchedwa Maize Control Board, limene linkagula pa mtengo wotsika, kotero kuti alimi analibe chowakopa kulima chochuluka, ndipo bungwelo linalibe nkhokwe yokwanira tsoka litagwa. Anaonetsanso kuti amene anazunzika koposa anali anthu opanda njira yopezera ndalama, monga okalamba, ana aang'ono, ndi amayi amene amuna ao anachoka osabweranso.

Njala itatha, m'nthawi ya Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene analamulira kuyambira 1948 mpaka 1956, Boma linalimbitsa malamulo a malimidwe. Munthu aliyense ankayenera kusiya matutu n'kulima mizere yopingasa chitunda, kukumba milambala, ndi kukonza munda tsiku loikika lisanafike. Wolephera ankalipira chindapusa, ndipo ena ankamangidwa.

Tiyeni tiyese maulalo ao umodzi umodzi, monga tinachitira ndi chimanga chachikasu. Woyamba unali wakuti: madzi othamanga kutsika chitunda amakokolola nthaka, choncho tiwatchinge ndi mizere yopingasa. Umenewu unali wolimba, ndipo umboni wake ndi wakuti malamulo okakamiza atathetsedwa kumayambiriro a zaka za m'ma 1960, alimi a kumtunda sanabwerere ku matutu. Mizere ili m'minda yathu mpaka lero popanda wapolisi woiyang'anira.

Wachiwiri unali wakuti: mizere yathandiza ku mapiri, choncho ithandiza paliponse. Umenewu unathyoka ku chigwa cha Shire. Kumeneko malo ambiri ndi athyathyathya, kumatentha kwambiri ndipo mvula ndi yochepa, motero dothi lounjikidwa pamwamba limauma msanga. Amang'anja, amene ankadziwa nthaka yao, anakana, ndipo mkangano umenewo umakumbukiridwa ndi dzina lakuti nkhondo ya mitumbira. Alimi ambiri a ku Chikwawa ndi Nsanje akulimabe popanda mizere. Chimene chinali choona pa malo amodzi anachinyamula kupita nacho ku malo ena osafunsa ngati chifukwa chake chapita nao. Chifukwa cha mzere ndi chitunda. Kumene kulibe chitunda, chifukwacho chatsala m'mbuyo.

Wachitatu ndiwo unali woipitsitsa: njira imeneyi ndi yabwino, choncho wokana timulange. Ubwino wa mzere sunena kanthu za ubwino wa ndende. Anthu anayamba kuona mlangizi ngati mesenjala wa khoti, ndipo akamuona akubwera ankathawira ku thengo. Chidani cha malimidwe chinasakanikirana ndi chidani cha Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo mu 1953 Inkosi Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pa mpando itauza anthu ake kuti asatsate malamulowo. Ena adzati chikhala kuti panalibe chindapusa, mizere sikadafala msanga. Kapena n'zoona. Koma ife tikuona kuti mtengo wake unali waukulu, pakuti malangizo abwino ambiri, a manyowa ndi a kasinthasintha, anakanidwa pamodzi ndi oipa chifukwa anatuluka m'kamwa momwemo mmene munkatuluka chindapusa. Apa agogo athu naonso anali ndi "choncho" wao wofooka: wanena izi ndi mdani, choncho n'zabodza. Sitingawadzudzule kwambiri, poona zimene anakumana nazo, koma nthaka ya m'minda ina inapita ndi madzi mkanganowo uli m'kati.

Ngakhale ulalo woyamba uja, wolimbawo, alangizi a masiku ano akuugogodanso. Aona kuti kugumula ndi kuumba mizere chaka ndi chaka, khasu likumenya pa kuya komweko, kumasiya chidikha cholimba pansi chimene mizu ndi madzi zimavutika kuboola, ndipo n'chifukwa chake ena akuphunzitsa ulimi wa mtayakhasu wophimbira nthaka ndi mapesi. Mlimi wofuna kuuyesa ayambe ndi kachigawo kakang'ono, pambali pa mizere yake yozolowera, mbeu yomweyo ndi feteleza yemweyo, kuti kusiyana kumene adzaone pokolola kukhale kochokera ku kalimidweko osati ku chinthu china.

Mvula yoyamba

Wina angafunse kuti, "Kodi tsono tizingokhala pa khonde n'kumakayika chilichonse mpaka dzinja litatha?" Ayi ndithu. Kugogoda ulalo ndi ntchito ya kanthawi kochepa, ndipo ukapezeka wolimba, wolokani mothamanga. Pali "choncho" wina amene safuna msonkhano. Udzu wamera m'chimanga cha masabata awiri, choncho ndikapalire lero: ameneyu ngwolimba, pakuti udzu umalanda chakudya ndi madzi pa nthawi imene chimanga chili chofooka kwambiri, ndipo palibe chifukwa china chimene chingasinthe zimenezo. Mwaona timabowo pa masamba ndi ndowe zonga utuchi mu mtima wa chimanga, choncho ndifunyulule ndione mbozi: ameneyunso ngwolimba. Mbozi yachilendo ija imene inalowa m'dziko muno m'dzinja la 2016 mpaka 2017, ndipo inachititsa Boma kulengeza za ngozi m'maboma 20 mu Disembala 2017, imaphedwa mosavuta ikali yaing'ono. Ikakula n'kubisala m'kati, mankhwala saifikira bwino.

Koma wa mvula yoyamba uja muzimugogoda chaka chilichonse. Makolo athu anali ndi dzina la mvula imene imagwa mu Okutobala, thengo litapsa: ankaitcha chizimalupsa. Pakuipatsa dzina lakelake ankatiuza kuti si mvula iliyonse imene ili yobzalira. Chizimalupsa imanyowetsa pamwamba pokha, imanunkhiritsa dothi, imatulutsa inswa m'malo ena, kenaka kumachita ng'amba masabata awiri kapena atatu. Mbeu yobzalidwa pamenepo imatupa, imamera, n'kupserera, ndipo mbeu ya haibulidi yogula m'sitolo siibwera kawiri. Komanso mvula yeniyeni ikafika, sabata iliyonse yochedwa imachepetsa zokolola. Mbali zonse ziwiri kuli dzenje, ndipo kuyang'ana kumwamba sikungakuuzeni kuti muli mbali iti.

Yang'anani tsiku, pokumbukira kuti kummwera mvula yobzalira imakonda kuyamba pakati pa Novembala, pakati pa dziko kumapeto a Novembala kapena kumayambiriro a Disembala, ndipo kumpoto mochedwerapo. Mverani zimene a zanyengo akunena pa wailesi za masiku akubwerawo. Kenaka tengani khasu mupite kumunda, osati pa bwalo pamene madzi a padenga amagwera. Kumbani pamwamba pa mzere m'malo atatu kapena anayi, kumtunda ndi kumunsi komwe, kuya kwake ngati kutalika kwa chikhatho chanu kuchokera pa mfundo ya dzanja kufika ku nsonga ya chala chapakati. Tapani dothi la pansi pa dzenjelo mulifumbate. Likagwirana n'kukhala chibuma, itanani a pakhomo onse mubzale tsiku lomwelo, maphando otalikirana masentimita 25 pa mizere yotalikirana masentimita 75, mbeu imodzi pa phando. Likamwazika ngati ufa mukatambasula dzanja, bwezerani mbeu m'nyumba pamalo ouma, ndipo masiku odikirawo mutsirize mizere imene yatsala ndi kututira manyowa kumunda.